KODI MACHONA ATHU ADZAONEKA LITI PA CHINSALU?

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu ino ya Chelinda, ndi inu nonse a ku Bolero, ku Katowo, ku Nchenachena, ku Mhuju ndi ku Livingstonia amene pepala lino limakufikani, ine ndiri ndi mlandu ndi inu.

Pa msonkhano wathu wapitawu munthu wina anaimirira napempha kuti nthambi ipatule kandalama pang'ono, kuti anyamata awiri kapena atatu ayende m'midzi ndi lamya zao za m'manja, akajambule madala amene anagwira nchito m'migodi ya ku Joni, ku Wankie ndi ku migodi ya mkuwa, madalawo asanatisiye. Kodi mukukumbuka chimene munachita? Munaseka. Wina anati bayisikopo ndi masewera a ana. Wina anati chithunzi sichikhutitsa mimba, bwenzi tikukamba za feteleza ndi mtengo wa fodya. A pampando anaona kuti dzuwa lapendeka, napitirira pa mutu wina. Ine ndinakhala chete tsiku lija, ndipo manyazi a kukhala chete kwangako andisowetsa tulo. Lero ndiyankha, ndipo amene mau anga amuwawe akumbuke kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

ZIMENE ANACHITA ANZATHU A KU MANGALANDE

Tiyambe ndi dziko la amene anatilamulira. Ambiri a ife tinakula tiri kuganiza kuti Mngerezi aliyense ndi bwana wa kolala yoyera, pakuti amene tinali kuwaona kuno anali a Disi, a mishoni ndi eni minda ya tiyi. Koma kwao kunali azungu ena, akuda nkhope ndi fumbi la malasha, okwawa ndi maondo pansi pa nthaka monga momwe anakwawira atate athu. M'chaka cha 1947, pamene boma lao linatenga migodi ya malasha m'manja mwa eni chuma, migodiyo inali yoposa 900, ndipo anthu ogwiramo nchito anali oposa 700,000. Pofika 1984 inali itatsala pafupifupi 170. Chaka chimenecho, Mai Margaret Thatcher ali nduna yaikulu, kunalengezedwa kuti migodi ina 20 itsekedwa, ndipo amuna a m'migodi, motsogozedwa ndi Arthur Scargill, ananyanyala nchito chaka chathunthu, kuyambira Malichi 1984 kufikira Malichi 1985. Anagonja. Mgodi wakuya wotsiriza, wa Kellingley, unatsekedwa mu Disembala 2015. Midzi yathunthu inasanduka mabwinja eni ake ali momwemo.

Tsono tamverani. Anthu amenewa analuza sitalaka, analuza nchito, koma mbiri yao iripo, ndipo dziko lonse lapansi laiona ndi maso. Kale mu 1940 kunatuluka bayisikopo dzina lake The Stars Look Down. M'menemo mwini mgodi ali kudziwa kuti pafupi pali mauna akale odzala madzi, koma chifukwa cha umbombo atuma anthu kukakumba komweko, madzi nawatsekera. Chaka chomwecho kunatuluka The Proud Valley, mmene Paul Robeson, munthu wakuda wa ku America woimba ndi mau onga bingu, alowa nchito mu mgodi wa ku Wales, nataya moyo wake kuti anzake atuluke amoyo. Taonani: munthu wakuda anaoneka pa chinsalu ali ngwazi ya mu mgodi kalekale mu 1940. Koma anali wa ku America, ndipo mgodi unali wa ku Wales. Wa ku Henga ndi ku Nkhamanga sanaonekebe.

Ndani mwa inu sadziwa njinga ya Raleigh? Si yomwe ija machona anali kubwera nayo, yomangirira kalilole ndi belu, ana a mudzi wonse nkumaithamangira pambuyo? Mu 1960 kunatuluka Saturday Night and Sunday Morning, mmene Albert Finney asewera ngati mnyamata wa pa makina m'fakitale ya njinga zomwezo ku Nottingham. Sabata yonse aima chiriri kusema tizitsulo, kuwerenga tindalama m'mutu, ndipo Loweruka akazimiriza kutopa kwake mu mowa. Ife tinali kuona njinga yonyezimira, osadziwa kuti kuseri kwake kuli mnyamata wotopa ngati ife tomwe. Mu 2002 kampaniyo inaleka kupanga njinga ku Nottingham, koma mnyamata uja akadali pa makina ake nthawi iriyonse imene munthu aonera bayisikopoyo.

Mu 1969 Ken Loach anatulutsa Kes, nkhani ya kamnyamata ka ku Barnsley kamene aphunzitsi anakataya ngati kopanda pake, kamene njira yake inali kulunjika ku mgodi, koma iko kanapeza chimwemwe poweta mbalame ya mtundu wa kabawi. Migodi itatsekedwa kunabwera zina. Brassed Off ya 1996 inatengera pa mudzi wa Grimethorpe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1993. Ionetsa gulu la malipenga la amuna a mu mgodi liri kuimba pamene mgodi wao uli kufa, mtsogoleri wao ali kutsokomola ndi fumbi m'mapapo. The Full Monty ya 1997 ionetsa amuna asanu ndi mmodzi a ku Sheffield, mzinda wa zitsulo, osowa nchito kufikira anagwirizana kuvula zovala pamaso pa akazi kuti apeze ndalama. Billy Elliot ya 2000 ndi ya mwana wofuna kuvina pamene atate wake ndi mkulu wake ali pa sitalaka ija ya 1984. Ndipo mu 2023 mdala Loach yemwe uja anatulutsa The Old Oak, ya mudzi wa mgodi wakufa kumene kwafika anthu othawa nkhondo ku Syria.

Werengani nokha: kuyambira 1940 kufikira 2023 ndi zaka zoposa 80. Mbadwo uliwonse wa anchito ao unapeza munthu wouimika pa chinsalu.

ZIMENE ANATIONETSA IFE

Nanga Angerezi omwewo anali kutionetsa chiani ife kuno? Apa ndipo pagona mkwiyo wanga.

Mu 1935 kunayambika nchito ya bayisikopo ya anthu akuda, dzina lake Bantu Educational Kinema Experiment, yotsogozedwa ndi Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham. Ndalama zinachokera ku bungwe la Carnegie ku America, ndipo makampani a migodi ya mkuwa anathirapo zao. Anajambulira ku Vugiri m'dziko la Tanganyika, napanga zithunzi 35 pofika 1937, nayenda nazo pa galimoto kufikira kuno ku Nyasaland. Kodi mitu yake inali yotani? Ina inali ya ubwino wa kupereka msonkho. Ina inali ya kusunga ndalama ku Positi Ofesi. Ha! Munthu wathawa mudzi chifukwa cha msonkho womwewo, wayenda pansi mwezi wathunthu kukafuna ndalama zake, ndipo madzulo mumuyalira chinsalu kumuphunzitsa kuti msonkho ndi wabwino!

Mu 1939 ku London kunakhazikitsidwa Colonial Film Unit, mkulu wake William Sellers, munthu amene anali kuphunzitsa kuti maso a munthu wakuda satha kutsata chithunzi chothamanga, choncho zithunzi zathu ziyenera kuyenda pang'onopang'ono ngati za ana. Mu 1940, chaka chomwe anthu a ku Mangalande anali kuona anzao akumira mu mgodi pa chinsalu, bungwe limeneli linapangira Afirika chithunzi dzina lake Mr English at Home. M'menemo muli mmisiri wa matabwa, mkazi wake ndi ana ao, m'nyumba yaukhondo, chakudya pa tebulo, mtendere wokhawokha. Mulibe sitalaka, mulibe njala, mulibe chifuwa. Kwao anali kuonetsana zoona za wanchito, koma kwa ife anatumiza wanchito wosambitsidwa, kuti tisadziwe kuti nayenso amakangana ndi bwana wake.

Mu 1948 ku Salisbury kunatsegulidwa Central African Film Unit, yopangira zithunzi maiko atatu aja amene pambuyo pake anamangidwa mu Chitaganya, ndipo inagwira nchito kufikira 1963. Akuluakulu ena mwa inu munaziona zithunzi zake, galimoto itaima pa bwalo la sukulu, womasulira ali kufuula pa chimkuzamau. The Two Farmers inali ya alimi awiri, wina womvera mlangizi nalemera, wina waulesi nasauka. Mulenga Goes to Town inali ya mnyamata wa kumudzi amene apita ku tauni, napusitsidwa, nabwerera chimanjamanja. Phunziro lake linali limodzi nthawi zonse: ukasauka mlandu ndi wako, ndipo tauni si malo ako. Chikhalirecho nthawi yomweyo a Wenela ndi a Mthandizi anali ndi misasa yao m'dziko muno, kulemba anyamata athu kuti apite ku matauni omwewo. Dzanja lina liri kukukoka, lina liri kukuloza chala kuti bwanji wachoka pamudzi.

MBIRI IMENE SINAJAMBULIDWE

Tsopano ndikuuzeni zimene zikanayenera kukhala pa chinsalu.

Mu 1913 boma la South Africa linaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumaiko otentha ano, chifukwa anali kufa ndi chibayo ngati ntchentche. Chiletso chimenecho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Komiti ya Travers Lacey, imene boma la atsamunda linaika mu 1935, inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a dziko lino anali kunja, ndipo inadandaula za midzi yotsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba. Chigawo chathu chino ndicho chinakhetsa anthu koposa, kufikira azungu anachipatsa dzina lachipongwe lakuti Mpoto Wakufa. Kodi chinafa chokha? Amuna ake anali kukumba chuma cha eni ake kwina.

Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira ku Nkhata Bay, anaphunzira pa Livingstonia m'boma lathu lomwe lino. Mu 1919 anayambitsa bungwe la anchito la ICU ku Cape Town, ndipo pofika 1927 bungwelo linali kuwerenga mamembala pafupifupi 100,000. Munthu wa kwathu anagwedeza dziko la Mabunu ndi pakamwa pokha. Chaka chomwecho cha 1927 anchito a pa mgodi wa Shamva ku Southern Rhodesia ananyanyala nchito, ndipo ambiri a iwo anali ochokera kuno. Kodi mwana wa sukulu wa pa Bolero anamuonapo Kadalie pa chinsalu? Amadziwa maina a omenya nkhonya a ku China ndi asing'anga a m'makanema a ku Nigeria, koma uyu samdziwa.

Pa 6 Juni 1972 mgodi wa malasha wa Wankie unaphulika, nupha anthu 427, ndipo pakati pao panali a Malawi. Ambiri a iwo anatsekeredwa momwemo. Manda ao ndi mgodiwo. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka pa Francistown ku Botswana, nipha amuna a ku Malawi oposa 70 amene anali kubwerera kwao atamaliza nchito, masutikesi ao atadzaza mabulangeti ndi nsalu za akazi ao. Dr Banda analetsa Wenela pomwepo, ndipo amuna oposa 100,000 amene anali m'migodi ya ku Joni anabwerera kumudzi. Mu 1977 kulemba kunayambanso pansi pa dzina la Theba, koma kwa anthu ochepa, ndipo mu 1988 njira inatsekedwa pa mkangano wa kuyeza anthu athu matenda a Edzi. Kodi kumeneku si kutsekedwa kwa migodi? Kwa Mngerezi mgodi unatsekedwa iye ali pakhomo pake. Kwa ife mgodi unakhala uli chitsegukire, koma chipata chinatsekedwa pamaso pathu. Njala yake inali imodzimodzi.

Ndipo musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kunja kokha. Pano pa Chelinda tulukani panja muyang'ane. Mitengo ya paini inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi Colonial Development Corporation, poyesa ngati phiri lino lingadyetse fakitale ya mapepala. Fakitaleyo sinabwere. Ku Chikangawa kunabzalidwa mahekitala 53,000 ndi cholinga chomwecho, ndipo fakitale ya mapepala imene inalonjezedwa ku Chintheche sinamangidwe. Laurens van der Post, amene anatumidwa kudzayendera Nyika mu 1949, analemba buku la ulendo wake, ndipo linamtchukitsa ku Ulaya. Nanga maina a anthu amene anakumba maenje a mitengoyi, manja atauma ndi chisanu cha pa Nyika, ali m'buku liti? Nanga mabanja amene anasamutsidwa mu 1978 pamene malire a paki anakuzidwa, ndani anajambula nkhope zao? Kumunsi kuno, ku Kaziwiziwi ndi ku Mchenga, ana athu akumba malasha kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo malasha a Rumphi ayatsa moto m'mafakitale a ku Blantyre ndi Lilongwe. Ku Blantyre komweko fakitale ya nsalu ya David Whitehead, imene inali kudyetsa mabanja zikwi, inafooka kaunjika atadzaza misika, nigulitsidwa mu 2003. Zonsezi ndi nkhani za anchito, ndipo zonsezi ziri kungokhala m'mitu ya anthu amene tsitsi lao layera.

KUYANKHA AMENE ANASEKA

Tsopano ndibwere kwa inu amene munati chithunzi sichikhutitsa mimba. Sindikutsutsani pa zonse, pakuti m'mau anu muli choona. Palibe bayisikopo imene inatsegulanso mgodi. The Full Monty inapangidwa ndi ndalama pafupifupi madola 3.5 miliyoni, nibweretsa oposa 250 miliyoni, koma nchito zimene zinatayika ku Sheffield sizinabwerere chifukwa cha iyo. Ndiponso ndiri ndi dandaulo langa pa zithunzi zina za Angerezi: zimathira shuga pa bala. Amuna aimba malipenga napambana mpikisano, amuna avina akazi naombera m'manja, mwana mmodzi apulumuka napita ku London, ndipo woonera atuluka mtima uli m'malo, kuiwala kuti mudzi wonse watsala pa ulova. Wopulumuka ndi mmodzi, otsala ndi zikwi. Zotere ife tisatengere.

Koma taganizani bwino. Ngati chithunzi chiri chopanda mphamvu, bwanji atsamunda anataya ndalama zao kugula magalimoto, makina ndi mafuta, kukwera nazo mapiri ano kudzationetsa alimi awiri aja? Kodi anali kutikonda kotero kuti anafuna kutiseketsa? Iai. Anadziwa kuti munthu amakhulupirira chimene waona ndi maso kuposa chimene wamva, ndipo kuti ukamuonetsa munthu kawirikawiri kuti iye ndi chitsiru, potsiriza avomera. Mdani wako akanola mpeni, iwe usati mpeni ndi choseweretsa.

Ndipo za mimba zomwezo, tamverani izi. Mu 2018 makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka ndalama zokwana 5 biliyoni za marandi kwa anthu amene anadwala matenda a fumbi la miyala m'mapapo ndi chifuwa chachikulu chifukwa cha nchito, ndipo khoti linavomereza mu 2019. Anakhazikitsa thumba dzina lake Tshiamiso Trust, loyang'ana amene anagwira nchito m'migodi ya makampaniwo kuyambira pa 12 Malichi 1965 kufikira pa 10 Disembala 2019, pamodzi ndi amasiye ao. Kodi munthu akafuna chipukuta misozi chotere amayamba ndi chiani? Amayamba ndi umboni: dzina la mgodi, zaka zimene anagwira, nambala yake ya nchito, mapepala ake. Mdala akamwalira osanena zimenezi, mkazi wake wamasiye ayambira pati? Mnyamata wokhala pansi ndi lamya kufunsa gogo wake kuti munali mgodi uti, chaka chiti, nambala yanu inali chiani, ali kugwira nchito ya mimba kuposa ife amene timakangana za mtengo wa fodya umene sitiuika ndife.

Ine ndinali ndi malume anga amene anapita ku migodi kanayi. Anabwera ndi njinga, galamafoni ndi chifuwa. Njinga inathyoka, galamafoni inaleka kulira, chifuwa chokha ndicho chinakhala nao kufikira tsiku lomaliza. Madzulo anali kutisimbira za chikepe chotsika m'mimba mwa dziko, za kutentha kwa pansi, za Chilapalapa chimene kapitao anali kuwatukwanira nacho, za nyimbo zimene anali kuimba m'komboni akakumbuka kwao. Ife tinali kuseka ndi kuwodzera. Atamwalira tinatsegula sutikesi yao, tinapeza mapepala atadyedwa ndi chiswe, ndipo palibe mmodzi wa ife anakumbuka ngakhale dzina la mgodi wao wotsiriza. Mlandu umenewo sindiuika pa mzungu. Ndi wanga.

TISATENGERE CHIRICHONSE

Ena adzati, basi tiyeni tionetse zithunzi za Angerezizo m'midzi, anthu adzione okha m'menemo. Kuonetsa nkwabwino, ndipo ine ndingakondwe kuona Kes itamasuliridwa ndi anyamata omwe aja amamasulira makanema a nkhondo m'Chichewa. Koma chovala chobwereka sichikwana thupi. Wa mu mgodi wa ku Yorkshire anali kutuluka pansi napita kunyumba kwa mkazi wake. Wathu anali kugona pa bedi la simenti m'komboni, amuna okhaokha, chaka ndi miyezi osaona mwana wake. Uja anali ndi bungwe lake lovomerezeka, anali ndi voti, ndipo mgodi utatsekedwa analandira ndalama za kutha kwa nchito. Wathu anali ndi chitupa ndi nambala pa mkono. Uja mudzi wake unafa mgodi utatsekedwa. Wathu mudzi wake unali kufooka mgodi uli chigwirire nchito, pakuti wofolera nyumba ndi wosula makasu anali kutali. Ndipo m'nkhani yathu theka lalikulu ndi la amai: amene analima okha, kulera okha, kudikira kalata ndi ndalama za pa Positi, ena kudikira kufikira imvi munthu amene anakwatira kwina nakhala mchona. Chithunzi cha machona chopanda amai amenewa chidzakhala bodza lina.

Musanenenso kuti a Malawi sangathe. Charles Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, napanganso The Last Fishing Boat mu 2012, ya msodzi wa pa nyanja yathu amene nsomba ziri kumthera pamene mahotela a alendo ali kukula. Imeneyo ndi nkhani ya wanchito wotayidwa ndi nthawi, yojambulidwa ndi mwana wa dziko lino. Mu 2019 Mngerezi wakuda Chiwetel Ejiofor anatulutsa nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe imene anaijambula ku Kasungu, The Boy Who Harnessed the Wind, anthu akulankhula Chichewa pa chinsalu, maiko onse naonera. Tinakondwa, ndipo kunali koyenera. Koma kodi tidzangokhala kudikira mlendo kuti adzatole nkhani zathu? Mlendo amatola imene yamkomera iye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

CHIMENE NDIPEMPHA

Sindikupempha kuti nthambi ya Chelinda ipange bayisikopo ya mamiliyoni. Wopanga bayisikopo adzabadwa, kapena wabadwa kale ndipo ali Sitandade 6 pa sukulu ina m'Henga muno. Chimene ndiopa nchakuti pamene adzakula adzapeza nkhokwe iri gwa! yopanda kanthu. Nchito yathu ndi kumsungira mbeu. Choncho pa msonkhano ukudzawu ndidzaimirira ndi mfundo izi, ndipo ndifuna wondivomereza.

Choyamba, nthambi iriyonse ilembe maina a amuna onse amoyo amene anagwira nchito m'migodi ya kunja, m'nkhalango za paini, ndi m'migodi ya malasha ya m'boma lino, pamodzi ndi amai amasiye a amene anatisiya. Mafumu athu adzatithandiza, pakuti amawadziwa onse.

Chachiwiri, tisankhe achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, odziwa ulemu, oti akafika pakhomo ayambe apereka moni ndi kupempha chilolezo. Mdala akakana, akana. Nkhani ndi yake. Mtsikana akhale ndi amai paokha, pakuti pali zina zimene mai sanganene pamaso pa amuna.

Chachitatu, aliyense alankhule m'chinenero chake, Chitumbuka, Chichewa, ngakhale Chilapalapa chimene anatola kumeneko. Tisamkonzere mau, ndipo tisamdule pakamwa akayamba kunena zowawa. Akanena kuti Joni inamkomera, kuti anamangira nyumba ya malata ndi kuphunzitsa ana ndi ndalama za Theba, zimenezonso zilembedwe, pakuti nazonso nzoona. Tiri kufuna mbiri, osati nyimbo yotamanda kapena ya maliro.

Chachinai, mapepala onse, zitupa, makalata ndi zithunzi zakale zijambulidwe pomwepo ndi kubwezedwa m'manja mwa mwini wake. Pasapezeke munthu wochoka ndi pepala la mdala m'thumba. Ndipo wina akabwera kudzapempha ndalama kuti akutsegulireni njira ya chipukuta misozi, mkaikireni, pakuti kulembetsa ku thumba lija nkwaulere.

Chachisanu, zojambulazo zisungidwe malo awiri kapena atatu, osati mu lamya imodzi imene ingagwe m'madzi mawa. Ndipo kamodzi pa chaka, nthawi yokolola itatha, tiyale chinsalu pa bwalo la sukulu lomwe lija pamene panaima galimoto ya atsamunda, ana aone agogo ao ali kulankhula.

Ndalama zake nzochepa kuposa zimene timaononga pa zakumwa tsiku la msonkhano waukulu. Chimene chiri chodula ndi nthawi. Mnyamata amene anakwera ndege ya Wenela ali ndi zaka 20 mu 1973 anabadwa mu 1953. Dziwerengereni nokha zaka zake lero, ndipo muonjezepo fumbi limene liri m'chifuwa mwake. Mwezi uliwonse timamva kulira m'mudzi wina, ndipo timapita kukakumba manda osadziwa kuti tiri kukwirira buku lathunthu. Akulu anati zengerezu analinda kwaukwau.

Abale ndi alongo, atsamunda anatijambula ngati zitsiru, ndipo tinali ndi chowiringula, pakuti makina anali m'manja mwao. Lero makina ali m'thumba la mwana aliyense woweta ng'ombe. Tikapanda kujambula atate athu tsopano, tidzaloza chala yani? Bwerani ku msonkhano, ndipo amene ali ndi mdala wa ku migodi pakhomo pake abwere naye, adzakhale kutsogolo. Tidzaone ngati mudzasekanso iye ali pomwepo.